Mchere ndi Impso mu Mbiri ya Mzinda wa Blantyre

Munthu woima pa Ginnery Corner nthawi ya nkhomaliro amaona chinamtindi cha anthu chikulowera ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene eni mzinda amangochitcha kuti Gulupu. Ambiri mwa anthuwo amakhala amayi, atanyamula mabakuli okulunga m'nsalu. Ena atsika minibasi ya ku Ndirande, ena ya ku Bangwe, enanso ya ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa. Mtima wawo ndi umodzi: wodwala adye kuti aone mphamvu. M'mabakulimo mumakhala nsima, nyemba, usipa, nkhwani wotendera, ndipo pambali pamakhala nthochi zakupsa ndi botolo la chakumwa chozizira. Kwa odwala ambiri chakudya chotere n'chabwino ndithu. Koma m'chipatala chomwecho muli odwala ena amene bakuli lotereli lingathe kuwafupikitsira moyo, ngakhale woliphika adaliphika ndi chikondi chonse. Amenewa ndi anthu amene impso zawo zidafooka.

Impso ndi ziwalo ziwiri zooneka ngati nyemba, zokhala chakumsana m'munsi mwa nthiti. Impso iliyonse ili ndi timasefa ting'onoting'ono pafupifupi miliyoni imodzi. Pa tsiku limodzi timasefati timasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180, koma ochuluka amabwezedwa m'thupi, n'kutsala lita imodzi ndi theka yokha imene imatuluka ngati mkodzo. M'mkodzomo ndimo mumatulukira mchere wotsala, madzi opyola muyeso, ndi zinyalala zimene thupi limapanga likagaya zakudya zomanga thupi. Timasefa tikaonongeka kwa nthawi yoposa miyezi itatu, madokotala amati munthuyo ali ndi matenda a impso a mgonagona. Timasefa takufa sitiphukanso. Choipa china n'chakuti chakudza sichiimba ng'oma: munthu angathe kutaya theka la mphamvu ya impso zake akuyenda bwinobwino, osamva kupweteka paliponse. Pamene mapazi ayamba kutupa, nkhope kudzuka yofufuma, chilakolako cha chakudya kutha, nthendayo imakhala itapita kale patali. Kuyambira pamenepo chilichonse cholowa m'kamwa ndi katundu amene impso zotopazo ziyenera kusenza. N'chifukwa chake mbiri ya matendawa siisiyana ndi mbiri ya mphika, ndipo mu Blantyre mbiri ya mphika imayambira pa mchere.

Azungu asanafike, mchere unali chinthu chosowa m'dera la Kabula. Amang'anja a kuchigwa cha Shire ankaupeza m'dothi. Ankapala dothi la mchere, kuliika mumphika wobowola pansi, kuthiramo madzi, kenaka n'kuwiritsa madzi odonthawo mpaka ataphwera. David Livingstone adaiona ntchito imeneyi pamene adayamba kuyenda mumtsinje wa Shire mu 1859. Mchere wina unkachokera m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Amalonda ankausenza pamutu kukwera nawo mapiri, n'kumasinthanitsa ndi makasu, nsalu ndi chakudya. Chinthu chobwera movutikira chotere sankachithira ndi dzanja lodzaza. Mayi ankangotsina pang'ono, ndipo masiku ena ndiwo zinkadyedwa zopanda mchere. Pamene mchere weniweni wasowa, panali chidulo. Amayi ankatentha zitsononkho, makoko a nyemba kapena udzu wa m'dambo, n'kusungunula phulusalo m'madzi, kusefa, ndi kugwiritsa ntchito madziwo pophika thelele ndi masamba ena. Nkhani ya chidulo idzabweranso, pakuti chimene chinali chithandizo kwa agogo a kale chili ndi mbali ina kwa wodwala impso.

Mchere sunali wokometsera ndiwo chabe. Unali ndi miyambo yake yolemera. Mkazi akakhala kumwezi sankathira mchere m'ndiwo. Ankaitana kamwana kuti kathire, kapena ankaika mchere padera kuti aliyense adzithirire yekha. Chimodzimodzi munthu amene wayenda molakwa kunja kwa banja ankatengedwa kuti ndi wotentha, ndipo akathira mchere, odya ankadwala mdulo, umene ena amati tsempho. Zizindikiro za mdulo, monga momwe akuluakulu ankazifotokozera, zinali kutupa miyendo ndi nkhope, kupweteka kwa chifuwa ndi kufooka kwa thupi lonse. Sikungakhale koona kunena kuti makolo ankadziwa za impso monga momwe dokotala wa lero adziwira. Iwo ankakamba za khalidwe la wothira mchere, osati za kuchuluka kwa mcherewo. Komabe n'zopatsa chidwi kuti mawu awiriwa, mchere ndi kutupa, adakhala moyandikana m'maganizo a anthu kalekale sayansi isanawalumikize. Chomvetsa chisoni n'chakuti chikhulupiriro chomwechi chidabisa matenda ena. Bambo akatupa mapazi, maso a abale ankaloza kwa mkazi wake. Ulendo woyamba unali wa kwa sing'anga, ndipo miyezi imene impso zikadathandizidwa inkathera pa milandu ya m'banja.

Mu 1876 Henry Henderson, motsogozedwa ndi Tom Bokwito, adasankha malo m'dera la mfumu Kapeni pamene amishoni a mpingo wa ku Scotland adamanga Blantyre Mission. Mu 1878 kudabwera kampani ya African Lakes, imene anthu adaitcha Mandala. Mu 1908 njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, idafika ku Blantyre, ndipo Limbe adakula mozungulira siteshoni ya sitima ndi fakitale ya fodya. Amwenye adatsegula masitolo, ndipo mlatho wa pa Zambezi utatha mu 1935, katundu wochokera ku doko la Beira ankafika pa sitima osatsitsidwa panjira. Mchere wa kunyanja yaikulu udayamba kubwera m'matumba. Olemba anthu ntchito m'minda ya fodya ndi tiyi ankaupereka pamodzi ndi ufa ndi nyemba ngati phoso la antchito. M'mibadwo iwiri yokha, chinthu chimene ankachitsina ndi zala ziwiri chidasanduka chotapa ndi chikhatho.

Ngakhale zinali choncho, nkhawa ya madokotala a nthawi ya atsamunda siinali pa mchere. Malipoti awo adadzaza ndi malungo, nthomba, khate, likodzo ndi njoka za m'mimba. Pa nkhani ya chakudya, vuto linali kuchepa, osati kuchuluka. Mu 1938 ndi 1939 Dr. B. S. Platt adatsogolera kafukufuku wa kadyedwe m'midzi ya m'boma la Nkhotakota, kuyeza zimene anthu ankadya nyengo ndi nyengo, ndipo chidaoneka n'chakuti m'miyezi ya dzinja, pamene ntchito ya kumunda ili pachimake, ndi pamene m'nkhokwe mulibe kanthu. Kenaka idagwa njala ya 1949. Mvula idadula mbewu zisanakhwime, ndipo boma la Blantyre linali limodzi mwa madera amene adazunzika koposa. Amuna adabalalika kukafuna chakudya ku Neno, ku Mwanza ndi ku Mozambique, ena osabwerera. Anthu adadya mizu, ndipo ambiri adatupa miyendo ndi njala. Megan Vaughan adalemba mbiri ya njalayi mu 1987 atacheza ndi amayi a kwa Lunzu amene adaiona ndi maso. Mbadwo umene udapulumuka udaphunzira chinthu chimodzi chosaiwalika: wodwala ndi wosadya, ndipo wonenepa ndi wamtendere. Sukulu ndi sikelo ya ana zidalimbikitsa phunziro lomwelo pophunzitsa magulu atatu a zakudya, zopatsa mphamvu, zomanga thupi ndi zoteteza ku matenda, ndipo mazira, nyemba, nsomba ndi zipatso zidatamandidwa kuti zikachuluka ndiye bwino. Malangizo amenewa adapulumutsa ana ambiri. Palibe adaganiza kuti tsiku lina namwino wa pa Gulupu adzayenera kuuza mayi mawu osemphana nawo.

Nthawi yonseyi, kutsidya kwa nyanja nzeru za impso zinali kukula pang'onopang'ono. Mu 1827 Richard Bright, dokotala wa pa Guy's Hospital mu London, adaonetsa kuti anthu ena otupa thupi, nthenda imene Chichewa chakale chimati mbulu, anali ndi impso zoonongeka. Njira yake yoyezera inali yapafupi: ankaika mkodzo pa supuni n'kuutenthetsa pa kandulo, ndipo ukaundana ngati choyera cha dzira ankadziwa kuti impso zikutaya zomanga thupi. Mu 1903 madokotala awiri a ku Paris, Widal ndi Javal, adayesa chinthu chimene mayi aliyense angachimvetse. Wodwala wawo akampatsa chakudya cha mchere ankatupa ndi kulemera. Akamuchotsera mchere kutupa kunkaphwa. Adabwereza kangapo, zotsatira zake zomwezo. Apa ndi pamene padaoneka poyera kuti mchere umasunga madzi m'thupi, ndipo impso zofooka sizitha kuutulutsa.

Popeza mankhwala kunalibe, mbale ndiyo idasanduka mankhwala. Kuyambira mu 1939 Walter Kempner, wa pa Duke University ku America, ankadyetsa odwala ake mpunga wopanda mchere, zipatso ndi shuga basi, tsiku ndi tsiku kwa miyezi. Ambiri kuthamanga kwa magazi kunkatsika, koma ambirinso ankathawa, pakuti chakudyacho chinali chozizira kukhosi ngati chilango. Mu 1963 ndi 1964 madokotala a ku Italy, Carmelo Giordano ndi Sergio Giovannetti, adachepetsa zomanga thupi kufika pa magalamu pafupifupi 20 pa tsiku. Nseru ndi kusanza zinkachepa, odwala ankaonjezera miyezi ya moyo, koma ankatha thupi mpaka kutsala mafupa okhaokha. Kunali kuthawa mvula n'kukagwera mumtsinje. Chimene chidasintha zinthu ndi makina. Mu 1943, nkhondo yachiwiri ili mkati, Willem Kolff wa ku Netherlands adapanga makina osefa magazi, ndipo wodwala woyamba kupulumuka nawo adapezeka mu 1945. Mu 1960 Belding Scribner wa ku Seattle adapeza njira yolumikizira munthu ku makinawo kawirikawiri kwa zaka. Kuyambira pamenepo, m'maiko olemera, chakudya chidaleka kukhala chida chokhacho, n'kukhala mthandizi wa makina ndi mankhwala.

Ku Blantyre zinthu zidayenda mwa njira ina: zoyambitsa matenda zidafika msanga, makina adafika mochedwa. Blantyre ndi Limbe adaphatikizidwa mu 1956, chipatala cha Gulupu chidatsegulidwa mu 1958, ndipo kalembera wa 1966 adapeza anthu pafupifupi 109,000 mumzindawu. Pofika 2018 anali ataposa 800,000. Anthu ochulukawa adasiya khasu n'kuyamba kudya za m'thumba. Shuga wa ku Nchalo adayamba kupangidwa mu 1966, ndipo tiyi wa masupuni atatu ndi buledi adalanda malo a mbatata ndi chinangwa cha mmawa. Zakumwa za m'mabotolo zidakhala ulemu wolandirira mlendo. Mafuta ophikira adalowa m'malo mwa nsinjiro. Wogwira ntchito m'mafakitale a ku Makata kapena m'maofesi a mu Victoria Avenue sangabwerere ku Bangwe kukadya nkhomaliro. Amaima pa chiwaya, pamene tchipisi ndi kanyenya amathiridwa mchere pokazinga, n'kupatsidwanso wina wa tsabola wotowera pambali. Mumsika wa Limbe nsomba zouma zidachuluka chifukwa ndizo zosaola m'nyumba yopanda firiji, ndipo zina, monga bakayawo, zimasungika ndi mchere weniweniwo. Pambuyo pake padabwera timakyubu ndi timapaketi tokometsera ndiwo, timene mbali yaikulu ndi mchere womwewo wovala chovala china.

Zotsatira zake zidayezedwa mu 2009, pamene Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi bungwe la World Health Organization udachita kafukufuku wa dziko lonse. Mwa akuluakulu a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu alionse adapezeka ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa n'komwe. Pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali ndi matenda a shuga. Awiriwa ndiwo adani akuluakulu a impso pa dziko lonse lapansi: magazi othamanga amaphwanya timasefa monga madzi osefukira aphwanyira mizere, ndipo shuga amatidya mwakachetechete. Komabe sichingakhale chilungamo kusenzetsa mphika mlandu wonse. Edzi, imene idapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, imaononga impso payokha, ndipo ena mwa mankhwala ake otalikitsa moyo amafuna kuti impso ziziyezedwa. Likodzo losachizidwa limatseka njira ya mkodzo. Malungo aakulu, kutsegula m'mimba koopsa ndi mavuto a uchembere zimatha kusiya chipsera pa impso. Palinso chizolowezi chogula bufeni ndi indosidi pa okala n'kumamwa tsiku lililonse pofuna kupha kutopa kwa ganyu, ndiponso zitsamba zina zosadziwika mlingo. Nthawi ya edzi idasiyanso chilonda china m'maganizo: munthu akaonda, anthu ankanong'onezana za kaliwondewonde, kotero kuti wouzidwa kuchepetsa thupi ankaopa pakamwa pa anansi kuposa mawu a dokotala.

Makina osefa magazi adafika m'chipatala cha boma mu 1998, koma ku Kamuzu Central mu Lilongwe. Kwa zaka khumi ndi zitatu, munthu wa ku Ndirande amene impso zake zalekeratu, ngati analibe ndalama za chipatala cholipira, ankayenera kusamukira ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 300, kusiya ntchito ndi banja. Gulupu adalandira makina ake mu 2011. Chithandizochi m'zipatala za boma chidakhala chaulere, chinthu chosapezeka m'maiko ambiri a mu Africa, koma makina anali ochepa poyerekeza ndi ofuna thandizo. M'maiko olemera wodwala amasefedwa magazi katatu pa sabata, maola anayi ulendo uliwonse. Kuno kwa zaka zambiri odwala ankasefedwa kawiri. Kusiyana kumeneku kumagwera pa mbale. Amene adzadikire masiku atatu kapena anayi asanabwerere pa makina amasunga m'thupi chilichonse chimene wadya ndi kumwa masiku onsewo. Ndipo kwa amene impso zangofooka koma sizinaleke, chaka chilichonse chimene angachedwetse kufika pa makina ndi chaka cha kugwira ntchito ndi kulera ana. Motero mu Blantyre chakudya chili pafupi ndi malo amene chinali nawo m'masiku a Kempner kusiyana ndi momwe zilili ku London.

Lamulo loyamba, ndiponso losatsutsika, ndi la mchere. Muyeso wa World Health Organization ndi wosafika magalamu 5 pa tsiku, kutanthauza supuni yaing'ono imodzi yosadzaza, kuphatikiza mchere wonse wa m'ndiwo, mu buledi ndi m'zokometsera. Wodwala impso akasunga muyesowu, kutupa kumachepa ndipo mankhwala a kuthamanga kwa magazi amagwira bwino ntchito. Chovuta n'chakuti mchere wambiri suoneka. Mayi angalumbire kuti sadathire mchere, chonsecho waponyamo kyubu ndi soda. Soda wophikira thelele ali ndi sodiyamu yemweyo amene ali mumchere. Nsomba za mchere zimafuna kuviikidwa ndi kutsukidwa, madziwo n'kutayidwa. Lilime nalo limaphunzira: pakapita masabata angapo, ndiwo zimene poyamba zinali zosakoma zimayamba kumveka kukoma kwake, makamaka zikathiridwa anyezi, adyo kapena ndimu.

Lamulo lachiwiri ndilo limadabwitsa onyamula mabakuli, chifukwa limakhudza zakudya zimene sukulu idazitamanda. M'zipatso ndi m'masamba muli mchere wina wotchedwa potaziyamu. Munthu wa impso zabwino amaufuna, ndipo wotsala amatuluka ndi mkodzo. Impso zikafooka kwambiri, potaziyamu amaunjikana m'magazi, ndipo akapyola muyeso mtima umatha kuima mwadzidzidzi, popanda chenjezo. Nthochi, mapeyala, mbatata ya kachewere, matimati ambiri, nyemba ndi mtedza zili naye wochuluka. Apa ndi pamene chidulo chibwereranso, pakuti madzi a phulusa ndi potaziyamu wosungunuka. Chimodzimodzi mchere wina wa m'masitolo akuluakulu, wolembedwa kuti ndi wabwino kwa a vuto la kuthamanga kwa magazi, adauchotsa sodiyamu n'kuikamo potaziyamu. Wothandiza ena, koma woopsa kwa wa impso zofooka. Njira yochepetsera ndi ya kukhitchini: kusenda mbatata, kuidula tizidutswa, kuiwiritsa m'madzi ambiri ndi kutaya madziwo. Izi n'zosemphana ndi zimene alangizi akhala akuphunzitsa, kuti msuzi wa masamba usatayidwe. Koma pano pafunika kusamala. Si wodwala impso aliyense amene ayenera kusala zipatso. Malangizo a akatswiri a impso a pa dziko lonse a mu 2024 akulimbikitsa zakudya za kumunda kuposa za m'mapaketi, ndipo kusala potaziyamu n'kwa okhawo amene magazi awo ayezedwa n'kupezeka kuti wakwera. Kuletsa masamba ndi zipatso mwachisawawa kwa munthu amene ndiwo zake ndi zomwezo n'kumulanda chakudya popanda phindu.

Nkhani ya zomanga thupi ndiyo imaonetsa bwino kuopsa kotengera malangizo a kwina osawayeza. Mabuku a ku Ulaya ndi ku America adalembedwera anthu odya nyama katatu pa tsiku, ndipo kwa iwo mawu akuti "chepetsani" ali ndi tanthauzo. Muyeso wa lero kwa wodwala amene sanayambe makina ndi magalamu 0.8 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Munthu wolemera makilogalamu 60 afunika magalamu 48 pa tsiku. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6. Bwana wa ku Namiwawa wokonda nyama yootcha angapyole muyesowu kutali, ndipo ayeneradi kubweza dzanja. Koma mlonda wa ku Mbayani, amene nyama amaiona pa mapeto a mwezi, mwina sakufikapo n'komwe. Iyeyu akamva kuti odwala impso sadya nyama, nsomba, mazira ndi nyemba, n'kusala zonsezo, adzafa ndi njala impso zisanamuphe. Ndipo munthu akayamba kusefedwa magazi lamulo limatembenuka, pakuti makina amachotsako zomanga thupi: muyeso umakwera kufika pa galamu 1 kapena 1.2 pa kilogalamu. Amene dzulo ankauzidwa kuchepetsa, lero akuuzidwa kuonjezera, pa nthawi imene ntchito idatha ndipo ndalama zikuthera pa minibasi yopita ku chipatala.

Za madzi n'zachidule koma zowawa. Wodwala amene mkodzo wake wachepa amapatsidwa muyeso, kawirikawiri theka la lita kuonjezera pa mkodzo umene adatulutsa dzulo lake. Tiyi, phala, thobwa ndi msuzi zonse zimawerengedwa. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, muyeso umenewu ndi mayeso aakulu, ndipo wodya mchere wambiri sangaupirire chifukwa mchere umaitana ludzu. Palinso fosifolasi, amene akachuluka m'magazi amafooketsa mafupa ndi kuyabwitsa khungu. Wa m'zakumwa zakuda za m'mabotolo ndi m'nyama za m'mapaketi amalowa m'magazi pafupifupi yense, pamene wa mu mgaiwa ndi nyemba amalowa pang'ono chabe.

Kwa zaka zambiri malangizo onsewa ankaperekedwa ndi madokotala ndi anamwino otanganidwa, mwachidule, pakhomo la wodi. Sukulu ya udokotala ya College of Medicine, imene lero ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, idatsegulidwa mu Blantyre mu 1991, koma maphunziro a akatswiri a kadyedwe ka odwala adayamba mu 2016, ku Bunda mogwirizana ndi sukulu ya udokotalayo. Ntchito ya akatswiriwa ndi yomasulira magalamu a m'mabuku kuti akhale zipande za nsima, timulu ta usipa ndi makapu a tiyi, chifukwa palibe mayi wa ku Chilobwe amene amaphika ndi sikelo.

Komabe malangizo akamveka bwino, mlandu weniweni umakazengedwa kunyumba. Pa Chimalawi banja limadya mphika umodzi. Kuphika miphika iwiri kumafuna makala owirikiza, ndipo mtengo wa makala ndi wa ndiwo sudaleke kukwera, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kudya kwayekha nako kuli ndi manyazi ake. Kumaoneka ngati kusalidwa. Pa maliro ndi pa ukwati munthu sasankha ndiwo, ndipo kukana chakudya cha mwini nyumba ndi mwano. Apongozi akabwera n'kulawa ndiwo za mwana wawo zopanda mchere, mkamwana angamveke dzina la ulesi kapena nkhanza, monga momwe agogo ake akadamvekera dzina la mdulo. M'nyumba zina mwapezeka njira yosafuna mbaula yachiwiri. Mayi amaphika ndiwo zonse popanda mchere, amapatula za wodwala m'kambale, kenaka n'kuthira mchere m'zotsalazo. M'nyumba zinanso mphika wonse umafika pa mphasa wopanda mchere, mcherewo uli m'kasosala pambali, ndipo aliyense amatsina wake monga zinkachitikira m'midzi ya kwa Kapeni masiku amene mayi sankaloledwa kuthira.